Kuno ku Vals amadyera madzi ndi miyala

Abale anga kumudziko mumangondifunsa kuti ku Switzerland ndili tauni yanji, ayi ndithu si tauni, ndi kamudzi kotchedwa Vals, kali m'chigwa pakati pa mapiri a Alps m'chigawo cha Graubünden. Umatsika sitima pa Ilanz nkukwera basi yachikasu ya positi, msewu wake wokhotakhota m'mbali mwa phompho, ndipo sutulukira kwina, umakathera kudamu la Zervreila basi. Anthu ake ndi ngati 1,000 chabe, aliyense amadziwana ndipo ukakumana ndi munthu panjira osamupatsa moni amakudabwa.

Makolo awo ndi a Walser, anachokera ku Wallis, chigawo china cha Switzerland, cha m'ma 1300 kudutsa m'mapiri ndi ziweto zawo, nchifukwa chake amayankhula Chijeremani chawochawo pomwe midzi yakumunsiku amayankhula chinenero china chotchedwa Romansh. Ndipo musaone ngati chuma anachipeza chilipo kale, anthuwa anazunzikapo. Mu January 1951 chipale chofewa chinagumuka kuphiri nkukwirira nyumba, anthu 19 anafa, mudzi wochepa chonchi ndiye kuti pafupifupi banja lililonse linali pamaliro.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi momwe akudyera zinthu zomwe zili pakhomo pawo. Pali kasupe wa madzi ofunda, madigiri 30, ena amawathira m'mabotolo pafakitale ya Valser yomwe Coca-Cola inagula mu 2002, ena ndi osambamo alendo ku Therme, nyumba yomwe anaijambula Peter Zumthor nkutsegulidwa mu 1996, anthu amachoka maiko akutali kudzangoviika thupi mmenemo nkulipira ndalama yoti ine ndimachita kuiwerengera kawiri. Nyumbayo anamangira mwala wa konkuno wotuwa wamizeremizere, miyala 60,000 yosanjikiza bwinobwino, ndipo mwala womwewo ndi umene afolera madenga m'mudzi muno, malata simungawaone wamba. Sagulitsa chibuma chosasema ayi, amadula ndi kusalaza konkuno, ntchito nkukhala ya anthu a konkuno, mpaka bwalo la Bundesplatz ku Bern anayala mwala wa ku Vals. Damu lija linatha mu 1957, limapanga magetsi ndipo mudzi umalandirapo ndalama ya madzi, koma kamudzi ka Zervreila kanamira pansi pake. Ndikamaona zimenezi mtima umapita ku Mulanje, madzi ndi miyala tili nazo zochuluka.

Alimi akadalipo, chilimwe ng'ombe ndi mbuzi zimakwera kukadya kumapiri, iwo ali kalikiliki kumweta udzu pamalo otsetsereka oti iwe kuima kokha miyendo imanjenjemera, udzu umenewo ndiwo chakudya cha ziweto nyengo yonse yozizira. Koma achinyamata ambiri akamaliza sukulu amalowera ku Chur kapena Zürich, ndiye m'makhitchini ndi m'zipinda za mahotela timagwiramo ndife obwera, Apwitikizi, Ajeremani, ndi ine Mmalawi. Nyengo yozizira dzuwa limalowa kuseri kwa phiri kukadali masana, pamenepo ndipamene ndimakusowani kwambiri, ndiye mukaona ndikuimba pa WhatsApp nthawi imeneyo muziyankhako chonde.