Wikendi ku Nyika ndi anyamata okonza maulendo aja: malo ndi bho zedi, koma kakonzedwe mmm

Anthu mwandifunsa mokwana za ulendo wa ku Nyika uja, wina "zinali bwanji asisi", wina "anyamatawo ndi odalirika kapena atidyera ndalama", ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kampaniyo sinditchula, ndi anyamata oti angoyamba kumene geni ndipo pena anayesetsa ndithu, koma zomwe zinalakwika ndinena zonse chifukwa ndalama yomwe ndinalipira inali pafupifupi theka la salale yanga, si ya tomato ayi.

Chimene chinandikoka ndi chakuti ife a ku Lilongwe wikendi ikangofika nzeru zathu ndi Salima basi, Senga Bay mpaka mchenga unatiloweza mayina. Ndiye nditaona positala yakuti kunyamuka Lachisanu kubwera Lamulungu, thiransipoti, matenti, chakudya, zonse zili momwemo, kukaona Chelinda, Lake Kaulime, Chisanga Falls ndi kuyenda usiku kuona nyama, ndinati ine ndilipo. Ndinakoka mnzanga wa ku ntchito, tinalipira pa Airtel Money, anatiponya mu gulupu ya WhatsApp, tinalipo anthu 11 kuphatikiza okonzawo awiri.

Anati tikumane 5 koloko mmawa pa filling station ina cha ku Area 18. Ine 4:40 ndinali nditafika kale ndi chikwama changa, mwezi wa July, kukuzizira. Galimoto zinabwera cha m'ma 7, kenako tinayamba kudikira munthu mmodzi wochokera ku Area 36 yemwe foni yake imangoti ndili pafupi ndili pafupi, ndipo titanyamuka anaimanso ku Kanengo kuti agule makala ndi mafuta ophikira, zinthu zoti akanagula dzulo lake. Mseu weniweni tinauyamba 8 itadutsa. Maola atatu amenewo musawaone kuchepa, ndi amene anasokoneza tsiku lonse.

Chifukwa abale Nyika ndi kutali. Pa mapu pamaoneka ngati mungodutsa Mzuzu pang'ono basi koma ayi. Lilongwe kukafika Mzuzu pa M1 ndi makilomita oposa 350, Mponela, Kasungu, Jenda pomwe tinatsika kugula anyezi ndi mbatata, kenako Chikangawa, ndiye mukafika Mzuzu mwangothana ndi gawo lofewa. Mupitenso Ekwendeni, mukhote kulowera ku Rumphi podutsa pa Njakwa pomwe South Rukuru amapanikizika pakati pa mapiri, malo okongola koma tinangowaonera pa windo chifukwa dalaivala anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Ku Rumphi ndi komwe mumathira mafuta komaliza ndipo mudzaze thanki, kumtunda kulibe filling station. Kuchoka apo ndi Bolero, kwawo kwa a Chikulamayembe, kenako fumbi lokhalokha mpaka pa geti la Thazima. Apa ndiwayamikire anyamatawa, anabwereka ma Land Cruiser awiri osati kosita, ndipo dalaivala wathu, bambo wachikulire wa ku Rumphi konko, mseuwo amaudziwa ngati kuseri kwa nyumba yake. Amene mukuganiza zopitako pa Sienta kapena ka Mira kanu, chonde kamvereni chisoni.

Pa geti tinafika dzuwa likulowa, kutangotsala pang'ono kuti atseke. Ndipo apa ndi pomwe "zonse zili momwemo" ija inayamba kusintha mtundu. Mmodzi mwa okonzawo anabwera pa windo akukanda mutu, "asisi pepani, ndalama yolowera mu paki aliyense alipira yekha, tinaiwala kulemba mu gulupu". Kuiwala? Ndalama yake kwa ife a Malawi si yambiri, timalipira yotsika kusiyana ndi alendo akunja bola muonetse chiphaso cha unzika, ndiye musachisiye, koma nkhani ndi yakuti munthu umafuna uuzidwe uli kunyumba osati uli pa geti kutchire komwe ngakhale netiweki ikuvuta. Mtsikana wina analibe kashi olo 1 kwacha, tinachita kumusonkhera. Ogwira ntchito pa getipo okha anali aulemu, monire monire, ife nkumangoti yewo chomene poti Chitumbuka chathu chimathera pomwepo.

Ine ndimaganiza kuti geti ndiye tafika. Kkkk. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda, komwe kuli kampu yomwe timakagona, ndi makilomita ena pafupifupi 60, maola awiri mukukwera mu mdima, mseu wa mabampu, pena dalaivala anatiuza kuti pano tikuyenda m'malire enieni, mbali iyi ndi Zambia, iwonso ali ndi ka Nyika kawo kakang'ono. Palibe chomwe tinaona kupatula akalulu ndi mbalame zogona pa mseu zomwe zimauluka galimoto itatsala pang'ono kuziponda. Gawo lonse lija lomwe nkhalango imatha nkuyamba mapiri a udzu tinalidutsa osaliona, chifukwa cha maola atatu a ku Area 18 aja.

Tsopano kuzizira. Ndimvetseni bwino, ine ndinaphunzira ku Dedza, kuzizira ndimati ndimakudziwa. Lilongwe ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, Chelinda ili kupitirira 2,000, ndipo nsonga yayitali ya Nganda imadutsa 2,600, ndiye mu June ndi July usiku kumagwa chisanu chenicheni choyera pa udzu. Mu gulupu anangolemba kuti "tengani kajuzi". Kajuzi! Matenti anali abwino, atsopano, osabooka, awiriawiri, koma ma sleeping bag omwe anatipatsa anali opyapyala ngati chitenje cha pa kampeni, a ku nyanja amenewo, ndipo timatiresi tinali 8 pa anthu 11. Ndinagona nditavala jinzi, taiti mkati, majuzi awiri, sokosi m'manja ngati magolovesi, mnzanga anachita kukulunga mapazi mu thawulo, komabe 2 koloko usiku tonse tinali maso mano akungogundana. Kunjaku fisi akulira, poyamba patali kenako pafupi ndithu, ndipo chikhodzodzo chimasankha nthawi ngati imeneyo. Ndinapirira mpaka kunacha.

Amene anatipulumutsa ndi bambo osamalira malo a kampu aja, si a kampani yathu ayi, ndi a konko. Anatikolezera moto waukulu tisanapemphe nkomwe, nkhuni kumeneko si nkhani poti pali nkhalango ya paini yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950 nthawi ya atsamunda, ndipo madzi osamba amawatenthetsa ndi nkhuni zomwezo, mmawa shawa inali yotentha kuposa ya kwathu ku Area 25 komwe giza inafa kalekale. Malo a kampu ndi aukhondo, zimbudzi zosamalika, pali tizisakasa tokhalamo mukamadya. Mukapita muwasiyireko kenakake bambo amenewa.

Ndiye kunacha. Apa ndiye ndikhululukireni ndilankhula ngati mlaliki. Ndinatsegula zipi ya tenti cha m'ma 6 ndikufuna kukayamba ndeu ya ma sleeping bag, nkupeza udzu onse wayera mbuu ndi chisanu, nkhungu yagona m'zigwa ngati thonje, ndipo mbawala yaima chapafupi ikundiyang'ana osathawa, ngati ine ndi amene ndalowa pakhomo pake, zomwenso ndi zoona. Ukayang'ana kutsogolo mapiri a udzu okhaokha akungogudubuzika mpaka komwe maso athera, opanda nyumba, opanda munda, opanda mtengo wa magetsi, opanda kabaza, zii. Ine chibadwire sindinaonepo malo aakulu chonchi opanda munthu m'Malawi muno, kwathu kuno ukayenda pang'ono wapeza chimanga kapena njerwa. Ndeu ija ndinaiiwala kaye mpaka nditamwa tiyi.

Loweruka ndi lomwe linali ulendo weniweni, ndipo wotiperekeza wa konko anali dolo. Anatiuza kuti Nyika ndi paki yoyamba m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1965 nkudzakulitsidwa mu 1978, komanso ndi yayikulu kuposa ena onse, yoposa masikweya kilomita 3,000. Sanabise kuti pokulitsapo anthu anasamutsidwa m'midzi yawo, ndipo anati agogo ena kumunsi kuja nkhani imeneyi akadali nayo kukhosi, ndinamukonda chifukwa cha chilungamo chimenecho. Nyama kuno suchita kuzisaka ndi maso m'tchire ngati ku Kasungu kapena ku Liwonde, zili poyera ngati ng'ombe ku dambo. Mbidzi tinaziona tisanathe mphindi 10, ndipo anatiuza tiyang'anitsitse mizere yake, ndi yopyapyala yothinana mpaka kumiyendo, mtundu wake amautcha Crawshay. Ntchefu zinali gulu lalikulu ndithu, zazikulu ngati nkhunzi koma zamanyazi, zimangoona galimoto nkuyamba ulendo. Mphoyo, njiri zothamanga mchira uli m'mwamba. Koma yomwe inanditenga mtima ndi chilembwe, ya nkhope yakuda ndi yoyera ngati yavala chigoba cha gule, makutu aatali, nyanga zopindikira kumbuyo. Ine dzina limeneli ndimangolidziwa pa ndalama ndi pa 15 January, sindimadziwa kuti ndi nyamanso, ndipo mu galimoto monse munalibe amene amadziwa, tonse ma digiri athu phwaa.

Tinakwera pa Chosi pomwe umaona mbali zonse, mphepo yake yofuna kukulanda foni m'manja. Kenako Lake Kaulime, kanyanja kachilengedwe kakang'ono, kukula kwake musayembekezere zambiri, koma nkhani zake ndi zomwe zimakoma, amati makolo ankakalemekeza kwambiri ndipo mumakhala chinjoka chachikulu. Mnyamata wina wa mu gulu lathu yemwe amadzitcha wosaopa kanthu anakana kuyandikira madzi, akuti nsapato zinyowa kkkk. Masana tinayenda wapansi kuzungulira madamu a pa Chelinda, alipo atatu ndipo muli nsomba za trout zomwe anthu amawedza akalipira, ife tinangokhala pa udzu kuotha dzuwa ngati abuluzi. Nyalugwe amati aliko ambiri koma sitinamuone, njovu nazo ayi, zimakonda kumunsi kwa mitengo.

Chakudya ndiwapatse zawo. Mtsikana amene anamutenga kuti aziphika amadziwa ntchito, nsima ya nkhuku ya lokolo Loweruka usiku inali ya kumudzi yeniyeni, mmawa mazira, mbatata ndi tiyi wa mkaka wosaumira shuga. Mpunga wa tsiku loyamba wokha ndi umene unali wamanthongo, iye nkumadandaula kuti wauphika nthawi yomwe amaphikira masiku onse, wotiperekeza uja ndi amene anamasulira kuti pamwamba chonchi madzi amawira asanatenthe kwenikweni ndiye chilichonse chimachedwa kupsa, nyemba ndiye musayerekeze nkomwe pokhapokha muwiritsiretu kunyumba.

Chisanga Falls sitinapiteko. Mathithi amenewa ali pa North Rukuru, kuchoka pa Chelinda pamafunika kuyenda pa galimoto kenako kutsetsereka wapansi nkudzakweranso, theka la tsiku ndithu, ndipo pa positala chithunzi chachikulu chinali chimenecho. Atafunsidwa anayamba ndi nthawi yatha, kenako zinadziwika kuti mafuta anawerengera molakwika, akanapita kumeneko sitikanafika ku Rumphi pobwerera. Kuyenda usiku kuona nyama nako kunapezeka kuti ndi kolipira padera, anapita anthu anayi okha omwe anali ndi kashi, anabwera akutinyaditsa kuti aona fisi ndi nkhandwe. Ine ndinatsala pa moto kuyang'ana nyenyezi, zomwe kunena zoona sindinadandaule, kumwamba kumeneko nyenyezi zimachita kuthithikana ngati ufa wotayika, ku Lilongwe olo magetsi atazima mzinda onse simungazione choncho. Usiku wachiwiri tinagona bwinoko poti bambo aja anatithandiza kupeza mabulangete ena ndipo tinaphunzira kuthira madzi otentha m'mabotolo nkuika kumapazi.

Lamulungu 7 koloko tinali titapasula kale matenti. Pobwerera ndi pomwe tinaona zomwe tinaphonya Lachisanu, koma mothamanga, ndipo ku Lilongwe tinalowa cha m'ma 9 usiku tili ofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze, Lolemba ku ntchito ndimangosinza pa kompyuta. Mukawerengera ndi masiku awiri athunthu mu galimoto chifukwa cha tsiku limodzi lokha mu paki. Vuto limeneli si la anyamatawa okha, aliyense wokugulitsani Nyika ya Lachisanu mpaka Lamulungu kuchokera ku Lilongwe akukugulitsani mseu. Pamafunika masiku anayi, kapena munyamuke Lachinayi madzulo mukagone ku Mzuzu. Ndipo musananyamuke pitani kaye ku Tsoka mukasankhe jekete ya kaunjika yokhuthala ija mumaiseka kuti ndi ya ku Ulaya, chipewa cha ubweya, magolovesi, bulangete lanulanu, tochi, power bank ndi kashi m'thumba, netiweki kumtunda ndi yochita kusaka pa kaphiri.

Kodi ndingapitenso nawo? Ngati atalemba zonse poyera, chomwe chili mu mtengo ndi chomwe mulibe, nkugula ma sleeping bag enieni, mwina eya, chifukwa mwano alibe ndipo galimoto ndi chakudya anakhoza. Nyika yokha ndiye ndibwererako ndithu, wotiperekeza anati nthawi ya mvula cha mu January ndi February mapiri onse aja amadzadza maluwa, a orchid okha mitundu yoposa 200, ngakhale mseu nthawi imeneyo umafuna mtima. Za Chisanga anatilonjeza kuti atibwezera kandalama pang'ono sabata yomweyo. Lero ndi sabata yachitatu, ndipo dzulo ndaona kuti gulupu ija aitseka kuti azilemba ma admin okha.