Shopu yokonza makompyuta ya ku Limbe ija, nyenyezi zitatu basi

Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za mnyamata wantchito wokhala kumbuyo mu shopumo osati abwana ake.

Kompyuta yathu ya pakhomo ili ndi maakaunti atatu, yanga, ya mayi akunyumba ndi ya mwana wathu wa Fomu 3. Akuluakulufe tonse timagwiritsa ntchito Outlook, pulogalamu yolandirira ndi kutumizira maimelo. Foni ya mayi itabedwa mu minibasi anasintha password ya Gmail yawo, ndiye kuyambira tsiku lomwelo Outlook ya mbali yawo inangoyamba kufunsa password, alemba yatsopano ija ikana, alembanso ikana, pomwe kwanga maimelo akulowa bwinobwino. Mayiwa maoda a zitenje amalandira pa imelo ndiye mukhoza kuona mmene pakhomo panalili.

Ndinanyamula CPU pamiyendo mpaka ku Limbe. Abwana aja anayatsa, nkulowa mu akaunti yanga poti ndi imene ndinatsegula komaliza, anatumiza imelo imodzi yapita, basi amvekere "bambo apa palibe vuto, ndi netiweki ya kwanu imeneyo." Ine ndikufotokoza kuti vuto lili kwa mayi iwo maso ali pa foni, K15,000 ya checking ija nkulandira ndithu. Kufika kunyumba zinthu zili chimodzimodzi. Mawa lake ndabwereranso ndi katundu wanga, transipoti ina, ndiye poti ndabwera nditakwiya akuti ndi virus, tipange format (kufufuta zonse nkuikamo Windows mwatsopano), muwonjezere K30,000. Osatsegula nkomwe akaunti imene ndikudandaulayo! Zinandiwawa kwambiri chifukwa amandiyankhula ngati munthu wosadziwa chimene akunena, pomwe vutolo ndakhala nalo sabata yathunthu.

Flash ya Windows inali italowa kale pamene mnyamata wawo uja anafunsa mwaulemu, "Bambo, akaunti imene ikuvutayo ndi iti, tingaione kaye?" Ndinaimbira mayi pa kafoni kamabatani kamene anabwereka, anatipatsa password, ndipo sipanathe mphindi khumi mwanayo wapeza. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti mu Windows akaunti iliyonse imasunga ma settings ake payokha, ndiye Outlook ikhoza kugwira kwa ine nkumakana kwa mayi pa kompyuta yomweyomweyo. Outlook yathu ndi yakale, ndipo Google inasiya kulola mapulogalamu otere kulowa ndi password wamba mu 2022, amafuna app password, password yapadera ya zilembo 16 imene Google imapereka kuti pulogalamuyo izilowera. Mayi anali nayo, amene anatiikira poyamba anaipanga, koma ukangosintha password yaikulu ma app password onse amafa. Nkhani yonse inali imeneyo. Anatsimikiza kuti 2-Step Verification, kodi yotsimikizira imene Google imatumiza pa foni, ikupita ku nambala imene mayi anabwezeretsa, anapanga app password ina yatsopano, kuika, maimelo a sabata yonse nkuyamba kutsika ine ndikuona.

Chimene chinandinjenjemeretsa ndi ichi. Akaunti ya mayi inaikidwa pa POP, njira yotsitsira maimelo pa kompyuta, ndipo inkafufuta maimelo ku server ikawatsitsa, kutanthauza kuti makalata a makasitomala a zaka zonsezi anali mu fayilo imodzi ya .pst pa kompyuta pomwepo basi. Format ija ikanachitika mmene abwana amafunira, popanda kufunsa za backup, bwenzi zonse zitapita. Mnyamatayo anakopera fayiloyo pa flash yanga, kenako anasinthira akauntiyo ku njira ina yotchedwa IMAP kuti zinthu zizikhalanso pa Gmail. Anayesanso kwanga ndi kwa mwana asanatseke.

Kunena chilungamo abwanawo ataona zimenezi anafatsa, za K30,000 sanazitchulenso, ndipo anandipukutira fumbi mu fan osandilipiritsa. Zida ali nazo zabwino, jenereta iliponso magetsi akazima, mwina pa za ma screen ndi ma hard disk amadziwa ntchito yawo. Koma kumvetsera kasitomala ayi ndithu, ndipo K15,000 ya tsiku loyamba ija sanabweze ngakhale ndinaifunsa kawiri.

Mukapitako ndi vuto la imelo nenani msanga kuti akaunti yake ndi iti ndipo mufunse mnyamatayo. Ine ndinamupatsa ya Fanta pambali, mayi atumiza kale chitenje choti akapatse mayi ake.