Miyezi 8 ndikujambula mawu olowa m'mahedifoni pofufuza eko

Ndimaphunzitsa ana masamu pa intaneti madzulo, ndipo eko inandisautsa kwambiri. Ndikati "tsegulani tsamba 12", mawu anga omwewo ankandibwerera m'makutu patapita kamphindi, lilime n'kuyamba kulemera. Ndinagula mahedifoni ena a USB poganiza kuti akale aja atha, koma vuto linali pomwepo.

Chinandithandiza ndi Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira mawu. Pa Windows, pamene alemba Host mumasankha Windows WASAPI, ndiye pa chojambulira n'kusankha dzina la mahedifoni anu lomwe lili ndi mawu akuti loopback. Apa sikuti mukujambula ndi maikolofoni ayi, mukutenga zenizeni zimene kompyuta ikutumiza kumakutu anu. Stereo Mix, njira ina ya Windows yojambulira mawu otuluka m'kompyuta, sinandithandize, chifukwa mahedifoni a USB ali ndi kakhadi kawokawo ka mawu.

Tsiku loyamba ndinapempha kaye mayi ake a mwana wina amene ndimaphunzitsa kuti andilole kujambula, popeza mawu a mwana wawo amalowa momwemo. Atavomera ndinawomba m'manja kamodzi, phwa! Pa sikirini panatuluka kamzere kosongoka, kokhakokha. Kuwomba kwangako sikukanapezeka mmenemo kukanakhala kuti sikunapite kwawo n'kubwerera. Sipika ya laputopu yawo inkalankhulira m'maikolofoni yawo yomwe. Mwanayo atavala timahedifoni ta foni, ndinawombanso, mzere uli phee. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa kwa milungu yambiri ndinkadziona ngati ndikubera makolo ndalama ndi phunziro losamveka.

Patapita miyezi itatu ndinayambanso kudzimva, koma m'zojambula munalibe kanthu. Imeneyo inali sidetone, mahedifoni akundibwezera okha mawu anga osadutsa pa intaneti, n'chifukwa chake mawuwo sankachedwa. Nditaitsitsa zinatha. Chinanso choyenera kuyang'ana ndi kabokosi ka Listen to this device pa masetin'gi a maikolofoni mu Windows, kakachongedwa mumadzimvanso.

Pali ziwiri zofunika kuzolowera. Ngati palibe chikulira m'mahedifoni, loopback imangoima, choncho ndimayamba kujambula winayo akulankhula. Ndipo mahedifoni a Bluetooth pa Windows 10 amaoneka pawiri, Stereo ndi Hands-Free. Mukamayankhula pa maikolofoni yake, mawu amadzera ku Hands-Free. Ine ndinasankha Stereo, phunziro lonse n'kutha osajambula kanthu.

Panopa mwana watsopano aliyense ndimayamba naye ndi kuwomba m'manja kuja, tisanatsegule buku.