Loweruka masana ku Zomba: Super League ku Chichiri, mpira wa ku England pa kanema, kapena bwalo la fumbi?

Loweruka likakwana, kandalama ka m'thumba mwa munthu wokonda mpira ku Zomba kuno kamakokeredwa mbali zitatu. Atha kukwera minibasi ya ku Limbe kukaonera Super League pa Kamuzu Stadium. Atha kulowa mu vidiyo sho ku Chinamwali kapena m'bala ya m'tauni kukaonera Arsenal ndi Manchester United. Apo ayi, atha kungoyenda wapansi kupita pabwalo la pafupi pomwe matimu a ligi zing'onozing'ono akulimbana pa fumbi. Ambiri sachedwa kugamula: wa ku England ndiye mpira, wa kuno ndi chipwirikiti. Pa luso sakunama. Koma zitatuzi sizigulitsa katundu mmodzi, ndipo amene amaziika pa sikelo imodzi ndi amene amabwerako akudandaula kuti ndalama yapita pachabe.

Tiyambe ndi kalendala, chifukwa imathetsa theka la mkangano. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Super League nthawi zambiri imayamba cha mu Epulo, mvula ikamatha, n'kutseka mu Disembala. Ndiye kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi ya mpira wa kwathu, pomwe Januwale mpaka Malichi kanema alibe wopikisana naye. Kulimbirana kwenikweni kuli pakati pa Ogasiti ndi Disembala. Masewero a kuno amayamba 2:30 kapena 3 koloko masana. A ku England a 3 koloko ya kwawo amafika kuno 4 koloko, koma kumapeto kwa Okutobala akabweza mawotchi awo amayamba kufika 5 koloko. Mu Novembala ndi Disembala munthu woonera pabwalo la mu Zomba momwemuno atha kumaliza masewero, n'kukwera kabaza, n'kukapeza a ku England asanayambe. Wopita ku Blantyre zimenezo aiwale.

Mpira wa pa kanema ubwino wake ngwodziwika: ngwotchipa, uli pafupi, osewera ndi akatswiri a dziko lonse, ndipo chigoli amachibwereza katatu. Zovuta zake nazonso n'zodziwika. Musanalipire pakhomo funsani ngati ali ndi jenereta kapena sola yokhala ndi batire, ndipo muone ndi maso anu kuti mafuta alimo, chifukwa magetsi sasankha mphindi yozimira. Mvula yamphamvu ikagwa kuchokera kuphiri, dishi imataya chithunzi. Ngati akuonetsa kudzera pa intaneti, chithunzi chimatsalira m'mbuyo, ndiye mumamva chimfuu cha nyumba yoyandikana nayo mpira usanafike n'komwe kwa womwetsa. Pali china chomwe sitichitchula kawirikawiri: kamera imatsata mpira basi. Wotchinga kumbuyo akamakuwira anzake kuti akwere, kapena wapakati akamatseka njira mpira uli kutali, inu simuona. Mwana amene wakulira pa kanema yekha amadziwa kunyenya ndi kuvina akachinya, koma pokaima alibe mpira sapadziwa.

Super League ndiye yofunika kuikhalira pansi. Muli matimu 16, iliyonse imasewera masewero 30, pakhomo ndi koyenda, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la SULOM pansi pa FAM, bungwe lalikulu la mpira m'dziko muno. TNM inayamba kuithandiza mu 2007. Chimene chasintha zaka zaposachedwazi ndi momwe matimu akuluakulu akuyendetsedwera. Bullets ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, Wanderers inasanduka kampani motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira, ndipo Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake. Wosewera wokhala ndi kontrakiti ndi malipiro a pamwezi amachita zokonzekera sabata yonse, sathamangira ganyu m'mawa. Zotsatira zake mumaziona chigawo chachiwiri chikafika pakati: timu yodya bwino imapitiriza kupatsirana, yosowa ndalama miyendo imalemera n'kuyamba kungomenyera mpira kutsogolo.

Mpikisano nawo si wa timu imodzi monga ena amanenera. Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, Wanderers mu 2017. Kenako Maule (Bullets) anaigwira motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023 ali ndi mphunzitsi Kalisto Pasuwa, ndipo mu 2023 anasesa zonse zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Chaka chotsatira Silver Strikers ya Peter Mponda inawalanda. Mu 2024 momwemo Blue Eagles, itatuluka mu ligi yaikulu, inagonjetsa Bullets pa mapenate mu fainolo ya FDH. Zikho zimenezi n'zomwe zawonjezera masewero otentha pa chaka, chifukwa kawirikawiri wogonja amapita kwawo tsiku lomwelo.

Tisadzinamize, komabe. Muyeso weniweni ndi mpikisano wa CAF, bungwe la mpira mu Africa, ndipo kumeneko tikadali ana. Bullets inafika ndime ya m'magulu ya Champions League mu 2004, nthawi ya Bakili Bullets ndi Kinnah Phiri. Zaka zaposachedwa inakumana ndi Simba ya ku Tanzania mu 2022 ndi TP Mazembe ya ku DRC mu 2023, ndipo konseko inatuluka. Luso la munthu payekha lilipo, aliyense akukumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango kwa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022. Chosowa ndi liwiro la kuganiza kwa timu yonse, ndipo gwero lake lalikulu ndi mabwalo.

Nkhani ya bwaloyi ndi imene iyenera kukutsogolerani posankha masewero. Pa Kamuzu Stadium pali kapeti ya udzu wochita kupanga. Mpira umathamanga mowongoka, ndiye timu yodziwa kupatsirana imaoneka bwino, koma dzuwa la Okutobala likawomba kapetiyo imatentha mpaka osewera kumathira madzi m'nsapato, ndipo liwiro limatsika. Pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2017, pali udzu weniweni, ndipo n'komwe matimu athu akhala akuchitira masewero a CAF. Pa mabwalo ena a m'maboma udzu umakhala m'mbali mokha, pakati pali dazi. Wosewera akapatsidwa mpira wapansi umadumpha pa chibuma n'kumugunda pa bondo, ndiye amaugwira kawiri kapena katatu m'malo mwa kamodzi, mdani wafika kale. Mphunzitsi wanzeru pamenepo amalamula mipira ya m'mwamba. Anyamata omwewo amene munawaona akuluka mpira ku Chichiri mukawaona akubutsa pa dazi, si kuti aiwala mpira.

Pa ulendo wa ku Chichiri, mtunda ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, kudutsa Thondwe ndi Namadzi. Minibasi imaima paliponse, choncho muwerengere maola awiri kukafika ku Limbe, kenako mukwerenso ina ya ku Blantyre yodutsa pa Chichiri. Ndalama ya thiransipoti ndi ya maulendo anayi, awiri popita awiri pobwera, ndipo ya pobwerera muisunge thumba lina, chifukwa madzulo a masewero aakulu makondakitala amakweza mtengo. Nthawi zambiri thiransipoti imaposa tikiti ya ku open stand. Ngati ndi masewero a Maule ndi Manoma (Wanderers), nyamukani isanakwane 9 koloko, ndipo matikiti akagulitsidwiratu mugule kwa ogulitsa omwe alengezedwa. Ya munthu wokunong'onezani kunja kwa geti imatha kukhala yachinyengo. Ku open stand kulibe mthunzi, chipewa ndi madzi musasiye. Musavale zofiira kukhala pakati pa Nyerere, ochemerera Wanderers, kapena zabuluu pakati pa Maule. Geti likapanikizana bwererani m'mbuyo mudikire. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8 anafa pa Bingu chifukwa cha kukankhana polowa, ambiri mwa iwo ana.

Apa ena atsutsa, koma tinene: ngati mukufuna kuona mpira wabwino, dabi ya Blantyre, ya Bullets ndi Wanderers, si yoyamba kuisankha. Phokoso, ng'oma ndi mavuvuzela n'zosayerekezeka, koma osewera amalowa ndi mantha olakwitsa, oyimbira amaimba pafupipafupi, ndipo timu ikangotsogola goloboyi amayamba kugona pansi. Masewero a Bullets kapena Wanderers ndi Silver, kapena ndi timu ya asilikali yolimba ngati Moyale, kawirikawiri amakhala omasuka, khomo lotsikirapo, malo okhala osalimbirana. Mwana woyamba kupita naye ku sitediyamu mupite naye kumeneko. Khalani m'mwamba moyang'anana ndi mzere wapakati, osati kuseri kwa golo, ndipo kwa mphindi khumi musiye kutsata mpira, muyang'ane anthu anayi akumbuyo momwe akukwerera ndi kutsikira limodzi. Timu yophunzitsidwa bwino imayenda ngati yamangidwa pa chingwe chimodzi.

Zomba payokha yakhala ikumanidwa. Timu ya mzinda uno ndi Red Lions ya asilikali a ku Cobbe Barracks, koma ntchito yomanga sitediyamu pa Community Centre itatenga zaka, masewero ake apakhomo inkakachitira ku Chiwembe ndi ku Balaka. Timu yosewera pakhomo kwa eni imataya ndalama ya pageti ndi ochemerera omwe, ndipo ana a ku Matawale ndi ku Sadzi anakula osaiona. Mu 2023 inatuluka mu ligi yaikulu. Ichi n'chifukwa chake mnyamata wa ku Mpondabwino amatha kutchula osewera onse a Chelsea koma osadziwa kaputeni wa timu ya kwawo.

Bwalo la fumbi silifuna mawu ambiri. Kulowa n'kwaulere kapena ndi ndalama yochepa, malire ndi chingwe kapena miyendo ya anthu, nthawi yoyambira imadalira kuti lole ya alendo yafika liti. Mpira wake ngwa mphamvu kuposa nzeru, ndipo chitetezo cha oyimbira chimakhala chochepa, ndiye zikayamba kutentha chokanipo msanga. Koma mumaima mamita awiri kuchokera pa mzere, mumamva mphunzitsi akukalipa, mumamva nsapato ikugunda fupa. Ambiri osewera mu Super League anadutsa pa mabwalo otere. Amene amabetcha asayese kutengera ziwerengero za pa foni pamenepa, palibe amene amazilemba.

Wailesi ndi mlamu wa njira zonsezi. Owulutsa mpira m'Chichewa amakometsa mpaka masewero ozizira kumveka ngati nkhondo, ndipo ngakhale pa sitediyamu mupeza bambo atagwira kawailesi kukhutu kuti amve zomwe zikuchitika ku Karonga kapena ku Mzuzu. Pa foni, wailesi ya FM siidya bandulo, imangofuna mahedifoni kuti akhale ngati eriyo.

Kwa munthu wa malipiro a pamwezi, kagawidwe koyenera n'kotere: ulendo wa ku Chichiri kamodzi pa mwezi, makamaka mu Juni ndi Julayi kukuzizira komanso ku England kuli zii, ndi mu Novembala pomwe za ukatswiri ndi zotuluka mu ligi zikudziwika. Masabata enawo bwalo la pafupi masana, kanema madzulo. Mukapita ku Blantyre m'nyengo yozizira kumbukirani kuti dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndiye wezulo yomaliza ikangolira lunjikani ku Limbe, ndipo juzi ikhale m'chikwama, chifukwa pofika pa Thondwe mphepo ya kuphiri imakhala yayamba kale kulowa pa windo.