Musanagule makina a pulasitiki, imvani za kuno ku Joni

Abale athu a ku Lizulu ndi ku Tsangano, mafunso anu okhudza mafakitale osungunula mabotolo akale kuno ku Gauteng tawamva. Ena mukuti mugule makina anuanu. Ntchitoyi imasamaladi chilengedwe, koma imadya magetsi ndi thukuta kuposa mmene mukuganizira.

Mabelo a mabotolo akamasulidwa, anthu amandanda m'mbali mwa lamba n'kumasankha ndi manja, oyera paokha, obiriwira paokha. Diso likaphonya botolo la PVC, mtundu wina wa pulasitiki, limakapserera m'makina n'kuthimbiriritsa katundu wambiri. Akasankhidwa amagayidwa, tizidutswato n'kutsukidwa m'madzi a soda otentha madigiri pafupifupi 80. M'thanki ya madzi, pulasitiki ya mabotolowo, yotchedwa PET, imamira, zitsekerero zimayandama, zasiyana basi.

Magetsi ambiri amathera pa moto. PET imayamwa chinyontho, ndiye imaumitsidwa maola 4 mpaka 6 pa madigiri 160 kapena kuposerapo pang'ono, kenako imasungunulidwa mu extruder, makina okhala ndi screw yozungulira yokankha pulasitiki, pa madigiri pafupifupi 270. Mukafupikitsa kuumitsako, chotuluka chimakhala chosalimba, wogula amabweza.

Choopsa kwambiri ndi kuzima kwa magetsi, monga zinkachitikira pafupifupi tsiku lililonse mu 2023. Pulasitiki imaumira m'kati mwa makina ngati nsima yogona. Magetsi akayaka, simuthamangira kuliza mota ayi. Mumayatsa kaye zotenthetsera n'kudikira, ola kapena kuposa, kuti zam'katimo zifewe mpaka pakati. Wopupuluma amathyola screw kapena giyabokosi. Sola wa padenga amathandiza masana okha. Shifiti ya usiku imadalira magetsi a mawaya kapena jenereta ya dizilo.

N'chifukwa chake makinawa sazimitsidwa wamba, ndipo m'mafakitale ambiri anthu amasinthana maola 12. Lamulo la kuno limati maola wamba ndi 45 pa sabata, ovataimu ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo mu Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa anakwera kufika R28.79 pa ola. Wopanda mapepala nthawi zambiri salandira zimenezi, amaopa kudandaula. Phokoso nalo limagonthetsa, musamavule zotseka m'makutu. Ndipo chigayo chikatsamwa, khomani loko pa switchi, kiyi m'thumba mwanu, musanapise dzanja kumipeni.

Kumudziko makinawa afuna magetsi a three-phase ngati chigayo cha chimanga, thiransifoma pafupi, ndi madzi osaphwa ngakhale mu Okutobala. Ngati izi palibe, yambani ndi kutolera mabotolo pamsika, kusankha ndi kumanga mabelo.