Kuumba Mtsuko Kapena Kuvota ngati ku Athens?

Ku England ana a pulayimale azaka 7 mpaka 11 amaphunzira za Agiriki akale. Tiyeni tione njira ziwiri zophunzitsira.

Yoyamba ndi kuumba mitsuko yadongo n'kujambulapo Herakles, ngwazi ya m'nthano zachigiriki, kapena othamanga a pamasewera akale a ku Olympia ndi utoto wakuda. Ana amasangalala, manja ali matope okhaokha, koma ukawafunsa mawa lake amangokumbukira kuti mtsuko wawo unang'aluka.

Yachiwiri ndi sewero la msonkhano wa paphiri la Pnyx, pamene nzika za mzinda wa Athens zinkakumana n'kumavota. Mphunzitsi amauza atsikana onse, pamodzi ndi anyamata amene akhala akapolo ndi alendo, kuti akhale pambali, savota. Phokoso lake! Apa mwana amadzionera yekha kuti demokalase imene mtsogoleri wa ku Athens, Cleisthenes, anakhazikitsa cha m'ma 508 BC inali ya amuna okhaokha, mfulu za mumzindawo. Kenako otsalawo amalemba dzina paphale, monga anthu a ku Athens ankachitira povota kuti munthu athamangitsidwe mumzinda kwa zaka 10. Bola alembe la Themistocles, mtsogoleri wa ku Athens amene anathamangitsidwa mwanjira imeneyi, osati la mnzawo wa m'kalasi, kuopa misozi.

Ine ndingasankhe yachiwiriyi. Mapale ake mungatole pa mitsuko yong'aluka ija.