Potrace, Inkscape ndi Illustrator: iti imatembenuza bwino chithunzi chakuda ndi choyera kukhala vector?

Munthu amabwera ndi chizindikiro cha kwaya yawo chojambulidwa pafoni kuchokera pa kalata yodinda, n'kunena kuti akufuna chiikidwe pa chikwangwani chachikulu. Mukachikuza, m'mphepete mwake mumatuluka mano ngati a sowo, chifukwa chithunzi chotere, chotchedwa bitmap, ndi timadontho tongoyalana. Vector, monga SVG kapena EPS, imasunga mizere ndi mapindiko, moti ungaikuze mpaka kukwana khoma osaphwanyika. Makina odula vinyl nawonso amafuna mzere woti mpeni utsate, timadontho sawerenga.

Ndiyambe ndi Potrace, imene Peter Selinger analemba ndipo ndi yaulere. Ilibe mabatani, umachita kulemba malamulo. Imalandira mafayilo a zithunzi a mtundu wa PBM, PGM, PPM ndi BMP basi, ndiye JPG kapena PNG uyenera kuyamba waisintha. Koma pa zakuda ndi zoyera, mizere yake imatuluka yosalala bwino zedi. Pali manambala awiri oyenera kuwadziwa. Loyamba ndi turdsize, limene limayambira pa 2 ndipo limachotsa timadontho ta fumbi. Chidindo cha kwaya chija chinali ndi timabanga ta inki ponseponse. Nditalikweza pang'ono tonse tinachoka, koma nditapitirira malire kadontho ka pa "i" nakonso kanapita! Lachiwiri ndi alphamax, limene limayambira pa 1: ukalitsitsa makona amakhala akuthwa, ukalikweza amakhala ozungulira. Ngati muli ndi zithunzi 200 zoti mutembenuze nthawi imodzi, apa ndiye pofikira.

Anthu ambiri sadziwa kuti Inkscape, pa Path ndi Trace Bitmap, imagwiritsa ntchito Potrace yomweyo mkati mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti umaona zotsatira usanavomereze, ukusuntha Brightness cutoff (malire a chakuda ndi choyera) imene imayambira pa 0.45, kenako n'kukonza ma node (timfundo towongolera mzere) pomwepo. Kwa ine, wa ntchito ya tsiku ndi tsiku asavutike n'kufuna kwina.

Pali chinthu chimodzi chimene Potrace sichita. Iyo imazungulira m'mphepete mwa chilichonse chakuda, choncho siginecha kapena mzere wa pensulo umatuluka ngati chingwe cha mbali ziwiri. Wofuna mzere umodzi wodutsa pakati, woti cholembera cha makina chitsate, ayenera centerline. Imeneyi ndi ntchito ya pulogalamu ina, AutoTrace, ndipo inalowa mu Inkscape kuyambira pa 1.0 ya mu 2020. Musayembekezere zodabwitsa: pamene mizere ikumana imakonda kupotoka, mumakonzabe pamanja.

Illustrator ili ndi Image Trace, imene inalowa m'malo mwa Live Trace mu CS6 mu 2012. Sankhani Black and White Logo, sunthani Threshold (malire a chakuda ndi choyera) kuchoka pa 128, ndipo musaiwale kudina Expand, apo ayi mudzakhala mukufufuza ma node amene palibe. Onetsetsaninso kuti choyera chachotsedwa, chifukwa chikatsala mpeni umadula malo omwewo kawiri. Ntchito imagwira, koma kulipira mwezi ndi mwezi chifukwa cha logo yakuda yokha sindikuonapo phindu. Amene muli kale ndi CorelDRAW, PowerTRACE ya momwemo ikukwanirani.

Zimene ndaona n'zakuti mapulogalamuwa sasiyana kwambiri ngati mmene zithunzi zolowetsamo zimasiyanirana. Chojambula pafoni chimakhala ndi mthunzi mbali imodzi, ndiye threshold ikakomera kumanzere, kumanja kumada bii. Jambulani pa sikana pa 600 dpi, kapena dutsitsani chithunzicho mu mkbitmap, imene imabwera limodzi ndi Potrace ndipo imafafaniza mthunziwo isanasandutse zonse zakuda ndi zoyera. Za zilembo zing'onozing'ono zozungulira chidindo, ine ndinasiya kulimbana nazo. Ndimazifufuta, n'kufuna font yofanana nazo, n'kuzilembanso.